Ntchito ya masiku awiri ikamatha sabata yonse

Vutoli limabwera chonchi. Kasitomala wa ku Toronto kapena ku Amsterdam wakupatsani ntchito yooneka yaing'ono, monga kukonza tsamba lolipirira pa webusayiti yake kapena kulumikiza pulogalamu yake ndi API (khomo lolumikizira mapulogalamu) ya kampani ina. Mwaiyang'ana, mwati imeneyi ndi ya masiku awiri. Lachisanu lafika ntchito isanathe, chonsecho maola amene mwakhaladi pansi kulemba khodi (malamulo oyendetsa pulogalamu) sakukwana ngakhale khumi. Kasitomala wayamba kutumiza timauthenga tofunsa ngati zonse zili bwino, ndipo mumtima mukudziwa kuti mwezi wamawa ntchito ina apatsa munthu wina.

Olemba mapulogalamu a ku Dedza ndi ku Ntcheu tikakumana, mlandu wonse timaukankhira magetsi ndi netiweki. Ziwirizi zilidi ndi mbali yake, ndipo ndizikamba. Koma musanathamangire kogula batire lina, tsegulani macheza anu ndi kasitomalayo kuyambira Lolemba, muone malo onse amene ntchito inaima. Pamalo alionse dzifunseni ngati munaima chifukwa magetsi anathima kapena chifukwa munkadikira yankho. Ine momwe ndimaonera, magetsi amadya maola, koma kudikira kumadya masiku, ndiye tiyambire komweko.

Funso losayankhika kamodzi

Ntchito imene aliyense amagwira pa nthawi yake, osakhala pa intaneti limodzi, ili ndi masamu ake. Kasitomala wa ku New York akamalowa mu ofesi 9 koloko m'mawa, kuno imakhala 3 kapena 4 koloko madzulo. Wa ku San Francisco akamatsegula kompyuta, kuno ndi 6 kapena 7 koloko, kunja kutada kale. Funso limene mwalemba 10 koloko m'mawa lidikira mpaka dzuwa litapendeka. Mwini wake mwina ali ndi misonkhano, ayankha inu mutagona, ndipo yankholo muliona mawa. Funso limodzi latenga tsiku limodzi. Ngati yankho lake ndi funso linanso, lakuti mukunena tsamba liti, masiku akwana awiri popanda chochitika.

Zili ngati kutuma mwana wopanda foni kuchoka ku Ntcheu boma kupita ku Lizulu kuti akagule mbatata ya kachewere, osamuuza ya ndalama zingati ndiponso chochita akaipeza itakwera mtengo. Abwerera kudzafunsa, ya minibasi yapita, msika watha.

Chizolowezi choyamba chimene chimatipweteka ndi chabwino ndithu kwathu kuno. Tinaleredwa kuti munthu sayamba nkhani asanapereke moni ndi kumva momwe mnzake wadzukira. Ndiye timalemba moni pa Slack, pulogalamu yochezerapo za ntchito, n'kudikira kuti ayankhe kuti tiyambe nkhani. Moni umenewo wakudyerani tsiku. Perekani moni, inde, koma nkhani yonse itsatire mu uthenga womwewo.

Funso loyankhika kamodzi limanena chimene mumafuna kuchita, chimene chachitika, ndi zimene mwayesa kale. Mawu a vuto amene kompyuta yatulutsa muwakopere momwe alili, osati kujambula sikirini ndi foni, chifukwa chithunzi munthu sangachifufuze kapena kuchikopera. Kenako muike njira zimene zilipo, munene imene inuyo mwasankha, ndipo mumalize ndi chimene muchite ngati sayankha. Uthenga wake, ngakhale mudzaulemba m'Chingerezi, uzimveka motere:

"Moni. Pa tsamba lolipirira, khadi likakanidwa seva (kompyuta yoyendetsa webusayiti) ikubweza nambala ya vuto 500 m'malo mwa uthenga womveka. Mawu a vutolo ndawaika m'munsimu. Tingathe kuonetsa wogula uthenga wa banki momwe ulili, kapena uthenga wathu umodzi wa makhadi onse okanidwa. Ine ndikusankha njira yachiwiri, chifukwa mauthenga ena a banki wogula sangawamve. Ndikapanda kumva kwa inu pofika Lachitatu 8 koloko m'mawa nthawi ya Malawi, ndipitiriza ndi yachiwiriyo. Mukadzafuna yoyamba, kusintha kwake sikutenga ola."

Mphamvu ya uthengawu ili mu ziganizo ziwiri zomalizazo. Kasitomala wotanganidwa angoyankha kuti "chabwino", kapena osayankha n'komwe, ntchito n'kumayenda. Koma njirayi ili ndi malire. Pa chinthu chosabwezeka, monga kufufuta zinthu mu database (nkhokwe ya deta), kuika khodi yatsopano pa seva imene ogula akugwiritsa ntchito, kapena kulembetsa ntchito yolipira pa khadi la kasitomala, mudikire chilolezo ngakhale chichedwe masiku atatu.

Pali mafunso ena amene safunika kuwapeza pakati pa ntchito. Awa ndi a makiyi: chilolezo cholowera pa GitHub (tsamba losungirapo khodi), mapasiwedi a seva yoyesera, makiyi a API, zitsanzo za deta. Tsiku loyamba musalembe khodi. Tsitsani pulojekitiyo, muiyendetse pa laputopu yanu kuyambira polowera mpaka polipira, mutsegule fayilo ya `.env.example` (imene imasonyeza makiyi ofunika) ngati ilipo, ndipo chilichonse chimene chikusowa muchilembe mu uthenga umodzi. Makiyi asanu opemphedwa limodzi ndi tsiku limodzi. Opemphedwa amodziamodzi ndi sabata ija mukuidandaula.

Mbali ina ya vutoli ndi manyazi. Ambiri timaopa kufunsa kuti mzungu angatione ngati osadziwa ntchito, ndiye timangoganizira, n'kumanga chinthu masiku atatu, kenako n'kumva kuti si chimene chimafunika. Safunsa anadya phula. Mukakhala ola lathunthu pamalo amodzi osasuntha, lembani funso, mutumize, mutenge kantchito kena. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha kasitomala kuti pa mndandanda pazikhala tintchito tiwiri kapena titatu tokonzeka, kuti kamodzi kakaima manja asakhale chabe.

Wotchi yawo imasuntha, yathu ayi

Ngati msonkhano umene mumachita 4 koloko madzulo mwaupeza utatha kale, onani mwezi. Nthawi ya Malawi ili patsogolo pa UTC, nthawi imene maiko onse amayezerapo nthawi zawo, ndi maola awiri chaka chonse. Ku America amasuntha wotchi ndi ola limodzi Lamulungu lachiwiri la March, n'kuibweza Lamulungu loyamba la November. Ku Britain ndi maiko a European Union amasuntha Lamulungu lomaliza la March, n'kubweza Lamulungu lomaliza la October. Motero pamene kuno tikunjenjemera mu June, London ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, Berlin ili pa nthawi yofanana ndi yathu, New York ili kumbuyo ndi maola 6. Mu December, mvula ili mkati, London ili kumbuyo ndi maola awiri, Berlin ola limodzi, New York maola 7. Masabata ovuta kwambiri ndi a pakati pa March, pamene a ku America asintha kale koma a ku Ulaya asanasinthe, makamaka ngati gulu lanu lili ndi anthu a mbali zonse ziwiri. Johannesburg ilibe vutoli, nthawi yake ndi yathu yomweyi.

Mankhwala ake ndi osavuta. Msonkhano uliwonse uziikidwa pa kalendala ya Google kapena Outlook, imene imasintha yokha maola, osati kungousunga m'mutu. Polemba tsiku musalembe 03/04, chifukwa wa ku America awerenga kuti 4 March pamene wa ku London awerenga kuti 3 April. Lembani mwezi ndi mawu. Kasitomala akati ntchito ithe "pakutha pa tsiku", funsani kuti tsiku la ndani. Kumbukiraninso kuti maseva ambiri amasunga nthawi mu UTC, ndiye vuto limene wogula akuti linachitika masana mungalipeze mu log (kaundula wa zochitika pa seva) pa ola lina.

Maholide nawo muwanene msanga. Kasitomala sadziwa kuti pa 15 January, 3 March, 14 May, 6 July ndi 15 October kuno ndi tchuthi. Inunso mudziwe kuti wa ku America adzasowa pa 4 July ndi pa Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la November, ndipo ambiri a ku Ulaya amapita kotchuthi mu August. Mafunso ofunika muwatumize masiku amenewa asanafike.

Pamene wakhala chete ndi inuyo

Kasitomala sakukuonani. Sadziwa kuti mwagwira ntchito kuyambira mbandakucha. Chimene akuona ndi malo opanda kanthu pa Slack, ndipo munthu amene walipira munthu wakutali amene sanamuonepo amayamba kuganiza zoipa msanga. Kuchedwa ambiri amakupirira ngati auzidwa. Chimene sapirira ndi kusadziwa.

Tsiku lililonse la ntchito tumizani kauthenga ka mizere itatu kapena inayi: zimene zatha lero, zimene mugwire mawa, chimene chikukutchingani, ndi ulalo wa khodi imene mwapusha (mwaitumiza ku GitHub). Kwa wa ku America mukatumize isanakwane 2 koloko masana, kuti akadzuka akhale woyamba kuwerenga, ndipo maola a madzulo mukhale pafupi ndi foni kuti mafunso ake ayankhidwe tsiku lomwelo. Maola awiri kapena atatu amenewo, kuyambira cha m'ma 3 mpaka 5 kapena 6, ndi amtengo wapatali kuposa tsiku lonse, ndiye musawathere mu minibasi. Gmail ndi Slack zili ndi njira yolemberatu uthenga kuti udzapite pa ola limene mwasankha, ndipo umachokera ku seva yawo, kotero umapita ngakhale inu muli mumdima.

Za magetsi mumuuze kamodzi, poyamba pa mgwirizano, monga gawo la momwe mumagwirira ntchito: kuti kwanu magetsi amathima, kuti muli ndi batire, ndipo uthenga uliwonse mumayankha maola 24 asanathe. Kutchula magetsi koyamba tsiku lomwe ntchito imayenera kutha kumamveka ngati chonamizira, ngakhale zili zoona.

Magetsi

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kamodzi n'kamodzi, ndipo kuthimathima kunakhala nafe kupitirira chaka. Ku Golomoti, m'boma lathu lomwe lino la Dedza, kuli munda wa sola wa mamegawati 20 umene unayamba mu 2022, koma magetsi ake amalowa mu mawaya a dziko lonse, ndiye kukhala pafupi nawo sikupatsa munthu mwayi uliwonse. Ndondomeko ya kuthima imene ESCOM imalengeza ndi yothandiza pokonza tsiku, koma mtengo wogwera pa waya nthawi ya mvula sulembedwa pa ndondomeko.

Musanagule kanthu, werengani zimene mumadya. Laputopu wamba imakoka mawati apakati pa 30 ndi 65, rauta kapena MiFi osaposa 10. Batire la mavoti 12 la 100Ah limasunga mawati-ola 1,200 polemba, koma ngati ndi la asidi, logwiritsa ntchito ndi theka, apo ayi lifa msanga. Pa 600 otsalawo invata imadyapo ake. Mukamakoka mawati 50, mupeza maola pafupifupi khumi, okwanira tsiku la ntchito. Batire la lithium limakwera mtengo koma limalola kulitsitsa kwambiri ndipo limakhalitsa. Ngati laputopu yanu imatchajidwa ndi USB-C, pawabanki yotulutsa mawati 45 kapena 65 ingakupulumutseni maola angapo popanda invata, koma onani nambala ya mawatiyo, chifukwa pawabanki ya foni wamba siingasunthe laputopu.

Ngati batire lomwe linkakwana tsiku layamba kutha masana, onani zinthu ziwiri. Choyamba ndi nyengo. Mu June ndi July nkhungu ndi chiperoni zimaphimba phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera, ndipo panelo sipereka zonse zimene inalembedwa. Kuzizira pakokha sikuvutitsa panelo, koma batire la asidi limasunga zochepa likazizidwa, ndiye lisagone panja. Chachiwiri ndi a pakhomo. Wina akalumikiza ketulo kapena simbi pa invata, mawati oposa 1,000 amapita nthawi imodzi. Kuzizira kwa kuno muthane nako ndi juzi ndi mbaula, osati hita ya pa batire.

Magetsi akathima zulani tchaja pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyezo, ndipo tchaja yeniyeni ya laputopu mwina muitsatira ku Lilongwe, makilomita oposa 80. Mphezi ikayamba chitaninso chimodzimodzi. Ntchito zodya batire, monga Docker (yoyendetsera mapulogalamu m'timabokosi tawotawo) ndi emulator ya Android (foni yoyerekezera ya pa kompyuta), muzichite magetsi alipo. Kuwerenga khodi, kulemba mayeso oyesera khodiyo ndi kukonza mauthenga kungadikire mdima.

Netiweki, ndi nkhani ya malire

Apa pali vuto lathulathu limene anzathu a ku Blantyre salidziwa. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire, moti pa Lizulu mbali ina ya msewu ndi Mozambique. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, nthawi zina imalumphira pa Movitel kapena Vodacom. Chizindikiro chake n'chakuti timizere ta netiweki tadzaza koma intaneti sikuyenda, bandulo ilipo koma siikugwira, kapena mayunitsi akutha mosadziwika bwino. Yang'anani dzina la kampani pamwamba pa sikirini. Lowani m'masetingi a SIM, muzimitse kusankha kodzichitira, musankhe nokha Airtel kapena TNM, ndipo muzimitse roaming ya deta. Pa MiFi zimenezi zimasinthidwa pa tsamba lake, limene adiresi yake imalembedwa pansi pa kachipangizoko kapena mkati mwa chivundikiro.

Ngati WhatsApp ikuyenda koma `git push` (lamulo lotumizira khodi ku GitHub) ikukana, musayambe kukayikira laputopu. Kawirikawiri bandulo ya intaneti yonse yatha, yatsala ya WhatsApp ndi Facebook, imene siitsegula GitHub. Ngati bandulo ilipo, yesani `ping 8.8.8.8`, lamulo loona ngati kompyuta yakutali ikuyankha. Ikayankha koma `ping github.com` n'kukana, vuto ndi DNS, imene imamasulira maina a masamba kukhala manambala, ndipo muisinthe kukhala 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8. Ngati masamba akutseguka koma SSH yokha (njira yotetezeka yolumikizira makompyuta) ikungozungulira, mwina doko 22, khomo limene SSH imadutsira, latsekedwa pa netiwekiyo. GitHub imalola SSH kudzera pa doko 443 pa adiresi ya ssh.github.com, ndipo ndi mizere itatu yokha mu fayilo ya `~/.ssh/config`.

SIM ziwiri za makampani osiyana si moyo wapamwamba, ndi chida cha ntchito. Kuseri kwa phiri kumene imodzi siifika ina imafika, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali nsanja zina zimazima mabatire ake akatha. Foni ikamalumphalumpha pakati pa 4G yofooka ndi 3G, ikakamizeni pa imodzi imene ikukhazikika, muiike pawindo, muilumikize ku laputopu ndi waya wa USB. Starlink inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023 ndipo imathetsa nkhani ya nsanja, koma mbale yake yaikulu imadya magetsi ofanana ndi laputopu kapena kuposa, ndiye masamu a batire aja asintha, ndipo mvula yamphamvu imaifooketsa.

Bandulo ikamatha msanga, wakuba woyamba ndi Windows, imene imatsitsa zosintha zake mwakachetechete. Uzani kompyuta kuti netiweki imeneyi ndi yowerengera, pa batani la metered connection, ndipo muimitse OneDrive kapena Google Drive. Wachiwiri ndi ntchito yathu yomwe. Kufufuta `node_modules` (foda yosunga maphukusi a khodi yolembedwa ndi ena) n'kutsitsanso chilichonse chikavuta ndi khalidwe la anthu a intaneti yopanda malire. `npm ci --prefer-offline` imayamba yatenga zimene zili kale pa kompyuta, ndipo pnpm, pulogalamu ina yotsitsira maphukusi, imasunga phukusi lililonse kamodzi pa mapulojekiti onse. Pulojekiti yaikulu muitsitse ndi `git clone --depth 1` ngati mbiri yake yonse simukuifuna lero. Mabuku a zilankhulo za khodi muwasunge pa kompyuta ndi DevDocs kapena Zeal, kuti netiweki ikachoka ntchito isaime chifukwa mwaiwala dzina la function (kachigawo ka khodi).

Khodi imene ili pa laputopu yanu yokha

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa khodi, inapangidwa mu 2005 kuti anthu omwazikana padziko lonse azigwira ntchito imodzi, ndipo kukomita (kusunga zimene mwasintha mu mbiriyo) sikufuna intaneti. Komitani pafupipafupi mumdima momwemo, netiweki ikangobwera mupushe, ngakhale ntchito isanathe. Tsegulani pull request (pempho loti khodi yanu iphatikizidwe ndi ya gulu) ya draft, yosonyeza kuti sinathe, tsiku lomwe mwayamba kulemba khodi. Kasitomala aona kuti zikuyenda popanda kufunsa, mnzanu wa pagulu angakuchenjezeni msanga ngati mwalowera kolakwika, ndipo laputopu ikabedwa kapena ikapsa mwataya za maola ochepa chabe. `git stash` (poikapo khodi pambali kwakanthawi) si nkhokwe, imakhala pa kompyuta yomweyo.

Ngati nthawi iliyonse yophatikiza khodi mukukumana ndi mikangano ya mafayilo, nthambi yanu (kope la khodi limene mukugwirapo nokha) yakhalitsa. Pamene inu mukugona anzanu akusintha mafayilo omwewo. M'mawa uliwonse, musanalembe kanthu, kokani zatsopano za nthambi yaikulu. Ndipo pull request ikhale yaing'ono. Ya mizere 100 munthu amaiwerenga akumwa khofi, ya mizere 2,000 amati aiona mawa, mawa lakelo n'kukhala sabata. Pofotokoza pull request lembani chimene mwasintha, chifukwa chake, ndi momwe angayesere, pamodzi ndi chithunzi ngati ndi za maonekedwe, kuti wowunika asabwere ndi funso limene lidye tsiku lina.

Mayeso olemera muwasiyire GitHub Actions kapena CI ina (njira yoyesera khodi yodzichitira yokha), kuti aziyenda pa makina awo ndi intaneti yawo. Pogwira ntchito pa seva yakutali, yambani mwatsegula tmux, pulogalamu yosunga ntchito ikuyenda pa sevayo. Netiweki ikaduka pakati pa kusamutsa database, ntchitoyo ipitirira mkati mwa tmux, ndipo mukalowanso muipeza pomwe yafika. Popanda zimenezo ingaduke pakati, ndipo kukonza kwake n'kowawa.

Kanthu kena kakang'ono kamatsekera anthu panja. Kuyambira mu 2023 GitHub inayamba kukakamiza olemba khodi kukhala ndi chitetezo chachiwiri polowa, monga nambala yowonjezera pa pasiwedi. Ngati nambala yanu imabwera pa SMS, tsiku limene foni yalumphira ku Mozambique kapena nsanja yazima simulowa. Gwiritsani ntchito pulogalamu ya authenticator, imene imatulutsa nambala yatsopano masekondi 30 alionse popanda intaneti. Nambalazo zikamakanidwa, onani wotchi ya foni, chifukwa ikasiyana ndi nthawi yeniyeni nambala zimalakwika. Manambala opulumutsira, olowera foni ikatayika, muwalembe papepala.

Zimene munagwirizana zili kuti?

Ntchito ina imatalika chifukwa palibe amene akukumbukira bwino chimene chinagwirizanidwa. Slack yaulere imabisa mauthenga opitirira masiku 90. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp sangafufuzidwe, ndipo pa foni imene ikuduladula aliyense amamva zake. Mukamaliza kuyankhulana, lembani mizere isanu ya zimene mwamvana, muike pa issue ya GitHub (malo olembapo ntchito imodzi), pa Trello (tsamba londandalikapo ntchito) kapena pa imelo, ndipo mumalize ndi mawu akuti ngati pali cholakwika akonze. Pomwepo mulembe chimene chidzasonyeze kuti ntchito yatha, mwachitsanzo kuti wogula angalipire ndi khadi pa seva yoyesera ndipo risiti ikufika pa imelo.

Chikalatachi ndi chimenenso chimakutetezani ku "kanthu kamodzi kakang'ono" kamene kamawonjezeredwa Lachinayi. Ife kukana kumativuta, timafulumira kunena kuti palibe vuto. Simufunika kukana. Yankhani kuti n'zotheka, zitenga masiku akuti ndi ndalama zakuti, ndipo mufunse ngati zilowe tsopano kapena ntchito yoyambayo ikatha. Pa Upwork, tsamba lopezerapo makasitomala, ntchito ya mtengo wokhazikika musaiyambe ndalama za gawolo zisanaikidwe mu escrow, m'mene Upwork imazisunga mpaka ntchito itatha, ndipo mukamaliza muipereke kudzera pa batani loperekera ntchito, osati pa macheza okha, chifukwa masiku 14 amene ndalama zimatuluka zokha kasitomala akapanda kuyankha amayamba kuwerengedwa pamenepo. Kunja kwa masamba ngati Upwork, pemphani gawo la ndalama musanayambe.

Pakhomo

Munthu amene ali pakhomo masana onse, kwa achibale ndi munthu amene alibe chochita. Adzakutumani kuchigayo, adzakusiyirani ana, alendo adzafika pa ola lomwe lija kasitomala wadzuka. Apa palibe lamulo la kompyuta. Muwauze maola anu momveka, makamaka a madzulo aja, ndipo zimathandiza akadziwa kuti thumba la feteleza linachokera pa "kusewera pa kompyuta" komweko. Maliro ndi ena. Simungawakane, ndipo kumudzi mwina kulibe netiweki. Musananyamuke pushani zonse, mulembe mzere umodzi wakuti kwagwa maliro pabanja, mubwerera Lachinayi, ndipo tsiku lomaliza ntchito lisunthe kufika lakuti.

Pali kasitomala mmodzi amene zonsezi sizimuchiza. Ameneyu amati ntchito ndi ya pa nthawi yanu, koma amafuna kadontho kobiriwira pa Slack kuyambira 3 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku, ndipo mphindi khumi zikadutsa osayankha amatumiza chizindikiro cha funso. Ameneyo akufuna wantchito wa shifiti ya usiku. Ngati mukuifuna ntchitoyo, gwirizanani maola enieni olembedwa, mtengo ukwere, ndipo batire lanu likhale lokwanira kufika 12 koloko usiku ndi nyali yomwe. Ngati sizikutheka, muuzeni pa sabata yoyamba kuti mumapezeka limodzi naye maola awiri kapena atatu patsiku, zina zonse zimayenda pa zolemba, kuti asankhe yekha ndalama zanu zisanakodwe mu ntchito yake.